Mpeni wa Che Amidu Unabwerera Wouma

Lolemba lapitali ndinatsika ku makantina a pa Zobwe kukaitana munthu woti adzazinge ng'ombe yathu. Lero m'mawa ndadya phala lothira mkaka wa ng'ombe yomweyo. Ngati mukufuna kuseka, sekani pano pomwe tithane nazo, chifukwa abale a mkazi wanga anayamba kale ndipo sindikuona kuti aleka msanga.

Inu amene mumawerenga tsamba lino sabata ndi sabata mukundidziwa. Koma mwina alipo wina wayamba lero, ndiye ndidziulule. Ine ndinali kapitawo wa ng'ombe pa fazenda ina kumunsi uko, chakufupi ndi Benga, m'mbali mwa mtsinje wa Revubwe. Fazenda ndi malo aakulu a Mzungu, ndipo pathupo sitinkalima chimanga kapena thonje ayi, zinali ng'ombe zokhazokha. Ndinakhalako zaka zoposa makumi awiri. Tikatsegula makola m'mawa, fumbi lake ankaliona anthu a ku Moatize. Ndinali ndi chipewa, nsapato zofika m'mawondo, kherere m'khosi, ndi abusa oti ndikangokhosomola amaimirira.

Kuno ndinafika ndi ng'ombe imodzi. Imodzi basi. Anthu a kuno amanditchulabe kuti "a kapitawo", ndipo ndinachedwa kuzindikira kuti si ulemu wokhawokha.

Chinandibweretsa ndi bondo. Tsiku lina tikudinda mathole ndi chitsulo chamoto, nkhunzi ina inandipanikiza pa nsichi ya khola, bondo langa lakumanzere n'kumveka phwa! Patarau, ndiye bwana wathu uja, sanali munthu wankhanza, ndisamunamizire. Anandipatsa gombeza, anandisankhira kamsoti kamodzi kowonda kamene palibe akanakafuna, n'kutikweza pa kamiyau, galimoto ya katundu, yopita ku Zobwe, kwawo kwa mkazi wanga. Ine chogona, kamsoti chomangidwa, mkazi wanga pakati pathu atagwira mitolo. Ndinamva pambuyo pake kuti m'mawa mwake munthu wina anali atavala kale kherere m'khosi. Sindinadabwe. Ntchito sikanaima chifukwa cha bondo la munthu mmodzi.

Kamsoti kaja ndiko kanakula n'kukhala ng'ombe ya nkhani yathuyi. Amake Rozina, ndiye mkazi wangayo, anaipatsa dzina loti Namawanga. Ine ndinaseka mpaka misozi. Dzina, ng'ombe? Ku fazenda ng'ombe inkadziwika ndi chidindo cha pa ntchafu, zatha. Mpaka sabata yathayi ine ndinkangoti "ng'ombe ija", ngati kuti m'kholamo muli ina yoti ndingasokoneze nayo.

Musaganize kuti ndikudandaula. Moyo wa kuno ndaukonda, ndipo ndikunena ndi mtima wonse. Tili ndi kamunda ka mbatata ya kachewere ndi nyemba, kadimba ka kabichi ndi anyezi kutsidya kwa khwawa, mitengo inayi ya mapichesi, mbuzi zitatu, ndi nkhuku zimene sizimvera munthu aliyense. Kumunsi kuja dzuwa linkawotcha mpaka kudzera m'nsapato. Kuno chiperoni chikagwa timaotha moto masana, tikuwotcha mbatata paphulusa. Ndimadya chimene ndachiona chikumera. Ndikatopa ndimakhala pansi, ndipo palibe amene amabwera pa hatchi kudzafunsa chifukwa chake.

Chimene chinandivuta ndi kuleka ukapitawo. Nditangoyamba kuyenda ndi ndodo, ndinkadzuka m'mamawa n'kuima pabwalo, dzanja m'chiuno, kufunafuna woti ndimulamule. Amake Rozina ankangondipatsira khasu. Ndinkayesa kuti matendawo anatha kalekale. Lolemba lija ndi pamene ndinadziwa kuti ankangobisala.

Zinayamba Lamulungu masana titabwera ku Misa. Ng'ombe ija inabereka thole lalikulu zedi, ndipo linatuluka movuta, moti tinachita kulikoka ine ndi alamu anga a Tomasi, achimwene ake a mkazi wanga. Inalinyambita ili chigonere. Tinati yatopa, ipume.

M'mawa mwake ndinaipeza ili pomwe paja. Thole likuzungulira, likulira, likufuna bere. Ndinachita zonse zimene kapitawo amachita. Ndinaikuwa. Ndinaipotokola mchira. Ndinaithira madzi ozizira kumaso. Inkayesa ndithu, koma ng'ombe imadzuka ndi kumbuyo, ndipo kumbuyoko n'kumene kunakana. Imati ikati itukuke, miyendo n'kuterereka, n'kugwanso khu!

Apa ndikuuzeni lamulo la ku fazenda, kuti mumvetse kuti sindinapenge. Kumeneko ng'ombe ikagwa m'mawa, dzuwa n'kufika pamutu isanadzuke, kapitawo amaitana mpeni. Osakambirana, osadikira mawa. Chifukwa chake chinali chomveka. Yofa yokha ndi ya miimba ndi afisi. Yozingidwa ikadali ndi mpweya inkakwera kamiyau n'kukadyedwa ndi anthu a ku mgodi wa malasha. Wozingayo ankayenera kukhala Msilamu, kuti nyamayo adye aliyense, wa ku Misa ndi wa ku mzikiti yemwe. Mwambo umenewu ulipo ngakhale kuno. Ukafuna kuti nyama yako isasale munthu umaitana Msilamu, ndipo khosi limakhala lake.

Ndinayang'ana dzuwa. Ndinayang'ana ng'ombe. Amake Rozina anali atatsikira kudimba ndi zenga kukaimwetera msipu. Kodi ndinawadikira? Kodi ndinawakuwira n'komwe, dimbalo lili poti mawu amafika bwinobwino? Ayi ndithu. Kapitawo safunsa. Ndinatenga ndodo n'kuyamba kutsimphina kulowera kumsewu, mtima uli m'malo, ndikudziona ngati mwamuna amene akupulumutsa banja lake.

Che Amidu ali ndi kantina yaing'ono m'mbali mwa msewu wopita kumalire. Amagulitsa mchere, nsalu ndi mafuta a nyale, ndipo tsiku la msika ndiwo amazinga mbuzi za anthu. Ndi mnzanga wa bawo. Nditawafotokozera anangofunsa funso limodzi.

"Amayi akudziwa?"

"Ng'ombe ndi yanga, Che Amidu."

Anadzuka. Ananola mpeni wawo, anaukulunga m'kansalu koyera, anauza akazi awo kuti ayang'anire kantina, n'kunditsata. Njira yonse ine ndinkalongolola za ng'ombe zimene ndinaziona zikugwa ku Benga. Iwo ankangoti, "Eeh, eeh."

Tinapeza amake Rozina atagwada m'khola, akudyetsa ng'ombe msipu ndi manja, thole atalikokera pafupi kuti liyamwe make ali chigonere. Atationa anadzuka, anasamba m'manja, anayala mphasa pansi pa mtengo wa mapichesi, n'kulonjera mlendo mosathamanga, za kunyumba, za ana, za malonda. Ulemu wonse unatha. Kenako maso awo anagwera pa kansalu koyera kaja.

"Abambo a Rozina, kodi pakhomo pano pali phwando ine osadziwa?"

Ndinayamba kuwafotokozera ngati ndikuphunzitsa mbusa watsopano. "Tamverani, mayi. Ikafa yokha titaya zonse. Che Amidu sadzaikhudza, ndipo palibe adzaifune. Pakali pano ikadali nyama. Ine ng'ombe zakugwa ndaziona zambirimbiri. Ikafika apa siidzukanso."

"Mwa zambirimbirizo, ndi iti imene munaidikira mpaka mawa lake?"

Panalibe ngakhale imodzi. Mkwiyo unandikwera.

"Ng'ombeyi anandipatsa ine! Ndi bondo langa limeneli!"

"Eya, anakupatsani inu. Msipu wake amamweta ndani? Nanga thole ili mudzaliyamwitsa ndinu? Kabichi wa kudimba mudzamuthira chiyani, fumbi la ku Benga?"

Sanakweze mawu. Akanakalipa zikanandipepukira, chifukwa kukalipa ndiye ndimakutha. Iwo anangoloza mphasa imene anakhalapo Che Amidu.

"Tsiku limene anakutsitsani pa kamiyau lija, inu munadzuka dzuwa lisanafike pamutu? Munagona pa mphasa iyi miyezi itatu. Tinkakutembenuzani ine ndi achimwene kuti musachite zilonda. Kodi ine ndinatsika ku kantina kukaitana munthu?"

Abale anga, ndapondedwapo ndi ng'ombe, ndatukwanidwapo m'Chipwitikizi ndi m'Chinyungwe chomwe, koma kuwawa ngati kumeneko sindinakumvepo. Ndinangoti zyoli. Manyazi anandigwira mpaka makutu kutentha.

Che Amidu anakhosomola, anadzuka n'kulowa m'khola. Anagwira makutu a ng'ombe, anayang'ana mphuno, kenako anaima kanthawi akungoionerera.

"A kapitawo, mukanena nonse awiri kuti ndizinge, ndizinga, ntchito yanga njomweyo. Koma taonani, ikubzikula iyi. Mphuno njonyowa. Yapaulendo siitafuna chonchi." Anatembenukira kwa mkazi wanga. "Mayi, ziguduli zilipo?"

"Zilipo zinayi. Achimwene akubwera ndi mphanda."

Ndiye kuti pamene ine ndinkatsika phiri kukatenga mpeni, iwo anali atadzera kale kwa achimwene awo kukaitana anthu. Tonse awiri tinadzuka ndi nzeru m'mawa umenewo, koma iwo okha ndiwo anauzako munthu wapafupi.

Zimene ndinaona masana amenewo sindinazionepo pa zaka zonse zija za ukapitawo. A Tomasi anafika ndi amuna atatu a m'mudzi. Anakumba maenje anayi mozungulira ng'ombe, anazika mphanda, n'kupingasa mitanda iwiri pamwamba. Amake Rozina anasoka ziguduli ziwiriziwiri ndi chingwe cha khonje. Tinaipendeketsa ng'ombe uku, n'kulowetsa ziguduli pansi pa mimba, tinaipendeketsanso uko, n'kuzikokera mbali inayo. Kenako zingwe zinaponyedwa pa mitanda.

Che Amidu anapachika kansalu ka mpeni panthambi ya mapichesi, anapinda mkanjo wawo mpaka m'mawondo, n'kugwira chingwe pamodzi ndi anzawo. Munthu amene ndinamuitanira kupha ndiye ankawerengera anzake kuti akoke pamodzi. Ine, chifukwa cha bondo, anandipatsa ntchito yogwira mutu. Kapitawo wa fazenda yonse, ntchito yake kugwira mutu n'kumvera!

Inakwera pang'onopang'ono, ikubuula, mpaka ziboda zinangokhudza pansi. Ili lende choncho, amake Rozina anaithowa miyendo yakumbuyo ndi madzi ofunda, akuisisita kuyambira m'chiuno kutsika. Thole linalowa pansi n'kuyamwa mpaka thovu kukamwa. Patapita kanthawi tinaitsitsa pa udzu wouma, n'kuigoneka mbali imene sinagonere. Mkazi wanga anati bambo awo ankatero kale ndi ng'ombe zawo zitatu, ndipo ziyenera kuchitika kawiri pa tsiku, m'mawa ndi chakumadzulo.

Potsazika, Che Amidu anatenga kansalu kawo panthambi paja.

"Khosi langa lija lisungeni pomwepo, a kapitawo. Likukhala bwino pa mwini wake."

"Zikafika poipa tidzabwera kudzakuitanani," anatero amake Rozina, "koma tidzabwera awiri."

Lachiwiri sizinasinthe. Anthu aja anabwera m'mawa, anabweranso dzuwa litapendeka, aliyense atasiya khasu lake m'munda. Palibe anadandaula, koma pakamwa pokha sanandisiye. "A kapitawo, dzuwa lafika pamutu, tiitane kodi?" A Tomasi ndiye anafika pondifunsa ngati nkhuku yawo yosiya kuikira ndingaiweruzenso. Ndinaseka nawo, nanga n'kutani?

Lachitatu ndiye linali tsiku loipa. Ng'ombe inakana gaga, inakana msipu, mutu n'kuugoneka pansi. Amake Rozina anapitiriza kumanga zingwe ngati masiku enawo. Ndinachita mantha, ndisabise. Ikanafa tsiku limenelo tikanataya ng'ombe, nyama, mwina ndi thole lomwe, ndipo mkazi wanga akanasenza mlandu umenewo pamaso pa mudzi wonse. Ndodo yanga inali pomwepo, yotsamira khola. Msewu wa ku kantina ndimaudziwa. Ndinaiyang'ana ndodoyo kangapo, koma sindinaigwire.

M'malo mwake ndinakoka kampando n'kukhala m'kholamo tsiku lonse. Chibadwire ndinali ndisanakhalepo pansi ndi ng'ombe imodzi. Ndinkaziona zikudutsa pachipata ngati madzi a Revubwe, ine n'kumangoyang'ana yotsimphina ndi yowonda. Tsiku limenelo ndinaona kuti khutu lake lakumanja n'long'ambika pang'ono kunsonga. Ndinaona kuti ikamva mawu a mkazi wanga kudimba imatukula khutu lomwelo. Ndinayesa kuipatsa masamba a nyemba, inakana. Ndinayesa masamba a nthochi, inanunkhiza n'kutembenuka. Nditabweretsa kholowa wa kumunda, ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu amene sindinawakonze.

"Namawanga, idya, mayi. Usatichititse manyazi."

Anatukula mutu, anakoka kholowa uja ndi lilime, n'kuyamba kutafuna. Ndinacheuka kuti ndione ngati alipo wandimva. Amake Rozina anali pachipata ndi mtolo wa msipu pamutu, ndipo anachita ngati akuyang'ana nkhuku.

Ndili khale pamenepo m'pamene ndinazindikira chinthu chimene mpaka lero chikundisowetsa mtendere. Lamulo la dzuwa lija ine ndinkaliyesa nzeru za ng'ombe. Sizinali nzeru za ng'ombe ayi. Kunali kuchepa kwa manja. Ndani akanachotsa abusa asanu pa gulu lonse lija kuti azikanyamula ng'ombe imodzi kawiri pa tsiku? Patarau ankadziwa chimene ankachita, ndipo pamalo pakepo mwina sankalakwa. Wolakwa ndine, amene ndinasenza lamulo lakelo n'kukwera nalo phiri, kudzalitula pakhomo pamene pali ng'ombe imodzi ndi manja a mudzi wonse. Nanga zonse zija ndinaziitanira mpeni, ndi zingati zikanadzuka tikanazidikira masiku anayi? Sindidzadziwa, ndipo zimandiwawa.

Ndipo si ine ndekha, musandiloze chala nonse. Masiku ano ambiri a ife tikubwerera kumidzi kuchokera ku malo aakulu, wina ku mgodi wa ku Moatize, wina ku njanji, wina ku mafazenda, ena ku Halale ndi ku Joni. Timabwera ndi njinga, chipewa ndi nsapato zolira, ndipo zimenezo anthu amaziona. Chimene saona ndi kachizolowezi kamene tabwera nako mumtima, koti chinthu chikafooka chichoke, china chilowe m'malo mwake. N'zimene tinkaona tsiku ndi tsiku kumene tinali kuja. Munthu akadwala masiku atatu, pamalo pake pamakhala pataima wina, ndipo ntchito imayenda ngati palibe chachitika.

Tsono taonani zimene timachita tikafika kwathu. Khasu likathyoka mpini timaliponya kuseri kwa nkhokwe, chonsecho mtengo wosemera mpini uli pakhomo pomwepo. Izo n'zazing'ono. Mwana akabwereza kalasi ku shikola, bambo wake amaweruza tsiku lomwelo kuti alibe mutu, akawete mbuzi. Mkazi akadwala dzinja limodzi, diso la mwamuna layamba kale kuyang'ana kutsidya kwa khwawa. Ndikudziwa munthu wina, dzina ndisunga, amene anabwera ku mgodi akutsokomola, ndipo abale ake amene ankadya zake ali bwino anamumangira kanyumba kumapeto kwenikweni, kumene chakudya chimafika chitazizira. Kodi amenewo si mpeni? N'chifukwa choti sukulungidwa m'kansalu koyera?

Sindikuti kumudzi kulibe nkhanza zakezake. Ziliko, ndipo zina n'zakale kuposa mgodi. Sindikutinso chilichonse chakugwa chidzadzuka. Namawanga akanatha kufa Lachitatu lija, ine n'kukhala wolondola, ndipo lero mukanawerenga nkhani ina, ya kapitawo wanzeru ndi mkazi wosamva. Tsiku lina mpeni wa Che Amidu udzafunikadi pakhomo pano, ndipo tidzapita awiri kukauitana. Chimene ndikunena n'chakuti ife a ng'ombe imodzi, a munda umodzi, a mwana mmodzi wovuta, tili ndi chinthu chimene patarau analibe ndi ng'ombe zake zonse zija. Tili ndi mpata wodikira. Tikautaya dala chifukwa chofuna kuoneka ngati anthu a ku malo aakulu, ndiye kuti tasauka kawiri.

Kunena zoona, nthawi zina fazenda ndimaikumbuka. Fungo la fumbi losakanikirana ndi ndowe m'mawa, kulira kwa gulu lonse likutsikira kumadzi, abusa akuimba m'Chinyungwe, zimenezo sizichoka msanga mwa munthu. Ndinkanyadira ntchito imene ija ndipo sindichita nayo manyazi. Koma mutandiuza lero kuti bondo lachira, kherere nayu, bwerera, ndingakuthokozeni n'kupita kukapalira nyemba zanga.

Tibwerere m'khola. Lachinayi chakumadzulo, ali lende m'ziguduli, Namawanga anaponda pansi ndi mwendo wakumbuyo wakumanja, zingwe n'kukhwepa pang'ono mbali imeneyo. A Tomasi ndiwo anayamba kuona. Tinangoyang'anizana, kuopa kuti tikanena zilekeka.

Lachisanu dzuwa litakwera ndinali kumunda wa mbatata, ndikukwezera mizere. Ndinangomva nthungululu kuchokera kunyumba. Ndinataya khasu, ndinaiwala ndodo, ndipo ndikuuzani kuti bondo limene lija linathamanga. Ndinapeza Namawanga ataima yekha, popanda chiguduli, popanda chingwe, miyendo ikunjenjemera, thole lili pansi pake likugunda bere. Amake Rozina anali atagwira nsichi ya khola, misozi ikutsika, akuseka. Namawanga anayenda mapazi atatu dzandidzandi kulowera ku mtolo wa kholowa, akukoka mwendo wakumanzere.

"Taonani," anatero a Tomasi amene anafika wefuwefu, "anabwera pa kamiyau imodzi, ndipo akutsimphina mwendo umodzi!"

Ndinaseka. Ndinakondwa kuposa tsiku limene anandiveka ukapitawo, ndipo sindikukokomeza.

Mphanda zija sitinazule. Amake Rozina akuti zikhale, alipo wina m'mudzi muno adzazifuna. Dzulo anakama pang'ono, atasiyira thole lokwanira, n'kundipatsa botolo kuti ndikapereke kwa Che Amidu. Ndinatsika msewu womwe uja, ndi ndodo yomwe ija. Che Amidu analandira ndi manja awiri, anayang'ana botololo padzuwa, n'kunena kuti pa makhosi onse amene analandirapo, limeneli ndiye loyamba kubwera la madzimadzi. Tinasewera bawo ndipo anandidya kawiri.

Lero m'mawa, tikudya phala lija pakhonde, ndinafunsa mkazi wanga funso limene ndinali ndisanawafunsepo chibwerere kuno.

"Amake Rozina, miyezi itatu ija ndili pa mphasa, inu munkadziwa kuti ndidzadzuka?"

"Ayi. A enfermero, anamwino a ku mishoni, anandiuza kuti simudzayendanso. Ndinangokubisirani."

Supuni inaima m'malere. "Nanga munkavutikiranji kunditembenuza tsiku ndi tsiku?"

Anapukuta m'mphepete mwa mbale ndi chala, osandiyang'ana.

"Munkadya, abambo a Rozina. Mbale inkabwerera yopanda kanthu."

Ndinamaliza phala langa, ndipo mbale inabwerera yopanda kanthu.

Nanga inu, amene wagona pakhomo panuyo, mwayamba mwaona ngati akudya? Kapena mwangoyang'ana dzuwa?